Chimanga cha Adokowe

Padangokhala, nyanja ya Chilwa inaphwa.

Sikanali koyamba. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira zimene mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imaibweretsera kuchokera kumtunda. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, madzi amathawa, mabwato a pa Kachulu n'kutsala ali gone pamatope ong'aluka. Anthu amakumbukira 1968, 1995 ndi 2018. Nyama nazo zili ndi zaka zimene zimakumbukira, ndipo nthanoyi inayamba m'chimodzi mwa zakazo.

Nyama za m'mbali mwa Chilwa zinali ndi mwambo wake. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mfumu Mvuu ankaimbitsa ng'oma ya dima. Aliyense ankapita kumathiriro a mitsinje kukachotsa mchenga ndi matope amene madzi anakokolola kumapiri, kuti mvula yoyamba ikagwa madzi alowe m'nyanja osamwazikira m'tchire. Nguluwe ankafukula ndi mphuno, Mfuko ankaboola pansi, Nkhanu ankatuta. Katumbu ankalondera maiwe akuya a m'mitsinje momwe matemba, makumba ndi milamba zimabisala nyanja ikauma, poti mbewu ya nsomba za chaka chinacho imachokera mmenemo. Panalibe wolipidwa. Dzuwa likapendeka ankamwa thobwa, aliyense n'kulowera kwawo. Pokolola, banja lililonse linkathira lichero limodzi la mpunga m'nkhokwe ya mudzi, ndipo ankaisunga anali a Fisi, amene ankadziwa bwino kuti lichero limodzi likasowa mudzi wonse uwagwira pakhosi.

Chaka chimenecho dima anachitika, koma mvula sinabwere. Nkhokwe inatha. Anapiye a Nkhanga anafa m'zisa, ndipo Gwape anaika ana awiri tsiku limodzi.

Mu Disembala kunatera adokowe. Mbalame zimenezi zimaswana ku Ulaya, m'maiko ngati Poland ndi Germany, ndipo kukayamba kuzizira zimauluka kudzera ku Turkey ndi ku Egypt, kutsata Nile, mpaka kuno, n'kudzabwerera cha m'Malichi. Zitaona mitembo pamatope zinagwidwa chisoni. Zinatumiza uthenga kwawo, ndipo pasanathe mwezi kunabwera gulu lina litanyamula matumba a chimanga chachikasu. Tisanamizane, chimanga chimenecho chinapulumutsa miyoyo. Ana amene akanafa anadzuka n'kuyamba kuthamanga. Aliyense wonena kuti adokowe analakwa kubwera chaka chimenecho sanaikepo mwana chifukwa cha njala.

Vuto linali chilankhulo. Womva chidokowe anali mmodzi yekha, Kalulu, amene anakulira kuseri kwa sukulu ina ku Domasi n'kumatolera mawu pawindo. Choncho mfumu ikafuna kuthokoza, ankathokoza ndi Kalulu. Adokowe akafunsa kuti mudzi ukusowa chiyani, ankayankha ndi Kalulu.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, koma adokowe anabweranso ndi matumba, poti anali atalonjeza. Ulendo uno anabwera ndi maganizo. Anati nyama ziyenera kuphunzira njira zamakono zochotsera matope, ndipo anaitanitsa maphunziro a masiku atatu pansi pa mlambe wa pachilumba cha Chisi. Kadokowe kena kachinyamata, kamene mlomo wake unali usanakhudzepo dothi la Likangala, kanaima kutsogolo n'kumajambula pansi mmene ngalande imakumbidwira. Nguluwe, amene anakumba ngalandezo chiyambire ubwana wake, anakhala phee, kumangogwedeza mutu. Madzulo aliyense amene anakhalapo analandira chitini cha chimanga, chimene Kalulu anati dzina lake ndi alawansi.

Okutobala atakwana ng'oma ya dima inalira. Anabwera theka. Enawo anatumiza mawu ofunsa ngati kuli chitini. Chaka chinacho anabwera asanu. Kenako chikopa cha ng'oma chinadyedwa ndi njenjete ndipo panalibe amene anachikunganso.

Lichero la m'nkhokwe nalo linasiyidwa. Wina athirenso mpunga wake bwanji, nkhokwe ikudzaza yokha ndi za kunja? A Fisi anapitiriza kusunga, koma tsopano ankasunga chimanga chopanda mwini pamudzi.

Tsiku logawa linkayenda chonchi. A Fisi ankakhala pampando pakhomo pa nkhokwe, Kalulu pambali pawo ndi kaundula. Ndowa yoyezera inali yophwanyidwa kunsi, thako lake litalowa m'kati, moti imaoneka yodzaza pamene muli theka ndi pang'ono. Kalulu akaitana dzina, mwini wake ankagwada, kuomba m'manja, kutchera thumba. M'kaundulamo munali agogo awo a Fisi amene anamwalira kale nyanja isanaphwe, munalinso asuweni a Kalulu makumi anayi amene palibe anawaonapo. Koma mai Chule, wamasiye wa ana ambiri, dzina lawo munalibe, chifukwa malemu amuna awo anaimira kumbuyo Ng'ona pa mkangano wa ufumu.

"Pepani mayi, simuli m'kaundula," ankatero Kalulu osadzutsa nkhope. "Mukayesenso chaka chamawa."

Onse a pamzere ankaona thako la ndowa lija. Onse ankadziwa kuti agogo a Fisi ali kumanda. Koma aliyense ankagwira thumba lake n'kuyang'ana kumbali.

Agogo a Fulu okha ndi amene anafunsa tsiku lina, pobwerera. "Kodi achimwene a Nyani, ndowa ija simukuiona?"

"Ndikuiona, gogo. Koma chimangacho ndi changa ngati? Akaba akubera adokowe. Ine ndikalankhula andifufuta."

"Nanga muja unali mpunga wathu, lichero litasowa, si inu munakwera padenga la a Fisi n'kusasula udzu?"

"Umene uja unali thukuta langa, gogo."

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine wokamba nthanoyi, chifukwa wakuba saopa chinthu china koposa mwini katundu, ndipo pa Chilwa mwini katundu anali atasowa. Anthufe zoterezi timazidziwa. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinagulitsidwa njala ya 2002 ili pakhomo, anthu n'kumadya mizu. Mu 2013 ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto ku Lilongwe, ndipo chimene chinagwedeza akuluakulu kwambiri chinali kuimitsidwa kwa thandizo la maiko akunja, limene panthawiyo linkafika pafupifupi 40 peresenti ya bajeti. Khutu la wolamula limapendekera kumene kukuchokera chakudya.

Khutu la mfumu Mvuu nalo linapendekera kumpoto. Nyama zikadandaula za mlatho wothyoka kapena chitsime chokwiririka, yankho linali limodzi: "Tidikire abwenzi athu." Nazonso nyamazo zinaphunzira kalankhulidwe katsopano. Chisa chikagwa ndi mphepo, mwini wake ankakhala pambali pake n'kumati, "Tikupempha akufuna kwabwino atithandize," udzu womangira uli pomwepo.

Kalulu anazindikiranso china. Adokowe ankafunika kukapereka lipoti kwawo, ndipo matumba ankachuluka lipotilo likakhala lomvetsa chisoni. Ndiye alendo akatsala pang'ono kutera, ankasonkhanitsa owonda onse n'kuwaika kutsogolo, onenepa n'kuwauza kuti abisale m'mabango. Adokowe ena ankazindikira, koma nawonso ulendo wa chaka ndi chaka unali utawakomera. Kuno kunali kofunda, ankagona pamitengo yabwino, ndipo ndiwo zawo zinali pafupi. Dokowe amadya ziwala ndi achule. Mai Chule akawerenga ana awo m'Malichi ankapeza aperewera, koma mlandu wotere akanautula kwa yani, womasulira ali Kalulu?

Mathiriro a mitsinje anatsekeka. Mvula ikagwa madzi ankasefukira m'midzi, kugwetsa nyumba, n'kuphwera m'tchire, nyanja osalandira kanthu. Zikatero lipoti linkakoma, matumba n'kuwonjezeka.

Tsiku lina agogo a Fulu anatenga khasu lawo lakale n'kupita ku Likangala. Sanaitane msonkhano. Mai Chule anawatsatira, poti analibe mzere woti aimepo. Kenako Nkhanu, kenako Mfuko. Odutsa ankaima n'kufunsa kuti pulojekitiyi ndi ya bungwe liti, ndipo akamva kuti si ya bungwe ankaseka n'kumapita. Anayiwo anakumba chilimwe chonse, mvula inabwera n'kukwirira theka la ntchito yawo, chilimwe chinacho anayambiranso. Zikhadabo za agogo a Fulu zinatha mpaka kutuluka magazi. Chaka chachitatu, mvula ya chizimalupsa itagwa kumapiri a Zomba, madzi anatsika, anapeza njira, analowa.

Dambo lonse la kumathiriro linadzaza. Matemba anatuluka m'maiwe, Katumbu n'kuyambanso kulondera osauzidwa ndi wina. Mpunga umene mai Chule anawaza unamera, kudera lonselo kukhala biriwiri. Ana amene anabadwa nthawi ya chimanga chachikasu analawa nsomba koyamba. Nguluwe anapita kukaona ngalandeyo, anaima nthawi yaitali, n'kunena kuti penapake anaikhotetsa molakwika, ndipo mawa lake anabwera kudzaiwongola.

Usiku wina Kalulu anaitanitsa mudzi wonse.

"Mfumu, ndi inu nonse akuluakulu, ine ndilibe mawu oipa pa ntchito ya agogo athuwa. Koma alendo atera masabata awiri akubwerawa. Akadzaona kubiriwira uku, adzalemba chiyani? Adzati a pa Chilwa adzidalira. Atichotsa, matumba apita ku nyanja ya Chiuta. Mpunga uwu sunache, ndipo ukhoza kupserera. Chimanga cha alendo n'chodziwika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Kunali zii. Kenako Nyani anati, "Zoona." Gwape, yemwe uja anaika ana awiri, anati iye njala anaiona ndipo sangayesenso mwayi. Sanali mawu a mbala amenewa, anali mawu a mayi wamantha, ndipo ndi amene anakopa ambiri.

Agogo a Fulu anadzuka pang'onopang'ono. "Ana anga, mlendo ndi mame. Madziwa ndi anu."

Mfumu inayasamula, n'kunena kuti zofuna ambiri zichitike.

Usiku womwewo nyama zonse zinapita ku Likangala. Panalibe anafunsa za chitini. Zinagwira ntchito mogwirizana kuposa dima aliyense amene akuluakulu ankamukumbukira, wina kusenza miyala, wina kuponda dothi, a Fisi omwe kutsogolera nyimbo. Ngalande imene anayi anakumba zaka zitatu inakwiriridwa tambala asanalire. Pofika sabata yachiwiri mpunga unali utafota, matemba akununkha pamatope, ndipo Kalulu anayendera dera lonse n'kukhutira kuti likuoneka bwino.

Owonda anaikidwa kutsogolo. Onenepa analowa m'mabango. Disembala anatha. Januwale anafika pakati.

Amene anabweretsa uthenga anali Namzeze, amenenso amachokera ku Ulaya komweko. Anati adokowe asankha mtsogoleri watsopano, ndipo iye wanena kuti kwawoko zinthu zakwera mtengo, kufupi kwawo kuli nkhondo, chimanga chizidyedwa ndi anapiye awo. Ena adzabwerabe kudzaothera dzuwa, koma matumba ayi.

Anathamangira kunkhokwe. Munali mankhusu ndi ndowa ija. A Fisi anati mbewa.

M'mawa mwake agogo a Fulu anakunga ng'oma ndi chikopa chatsopano n'kuiimba okha. Mudzi unasonkhana. Anati mvula ikadalipo miyezi iwiri, ngalande ikudziwika pamene ili, dothi lake n'lofewa, onse akagwirizana ngati usiku uja madzi alowa sabata isanathe. Nguluwe anaimirira. Katumbu anaimirira. Ena anayamba kuyang'anana, ndipo Nyani anakweza dzanja kufunsa ngati pakhale kenakake kopukutira thukuta.

Asanayankhidwe, Kalulu anatulukira akuthamanga, pepala lili m'manja.

"Mfumu, musavutitse anthu anu ndi makasu. Ndapeza abwenzi ena. Kuli akabawi ochokera kutali kum'mawa, kumtsinje wa Amur, amene amadutsa ku India n'kuwoloka nyanja yaikulu osapuma. Iwowa alibe za malipoti, safunsa za kaundula, safuna kuona owonda. Matumba afika mwezi uno."

Khamu linaomba m'manja. Nthungululu zinamveka. Nguluwe anayang'ana uku ndi uku n'kukhalanso pansi.

"Aulere?" inafunsa mfumu.

"Ngongole, mfumu, koma yofewa. Angofuna chikole chaching'ono, chilumba cha Chisi ndi maiwe a nsomba. Mungodinda apa."

"Nanga adzabweze ndani?"

"Zaka makumi atatu, mfumu. Adzabweza ana."

Mfumu inapempha inki. Pamenepo mai Chule anadumphira pakati pa bwalo, matope a ku Likangala akadali m'miyendo.

"Ana ake ati? Muwerenge pepalalo mokweza, tonse timve. Ana amene mukuwatchulawo ndi athu."

Kalulu anatsegula buku lake, anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kutembenukira kwa mfumu.

"Pamsonkhano uno amalankhula ndi opindula okha, mfumu. Mayiwa sali m'kaundula."