Makina a apongozi anafera m'manja mwanga

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito pa mgodi wa mtovu ndi zinki wa kuno ku Kabwe mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Ndalama zowapukuta thukuta anagulira chainsaw yakale kwa munthu wina, ndipo makina amenewo ndiwo analera ana onse a m'nyumbamo, mkazi wanga pamodzi. Ankaitanidwa ku Bwacha, ku Kasanda, ku Makululu, kulikonse kumene mtengo wagwera denga kapena munthu akufuna kudula bulugamu. Atamwalira, amayi, apongozi anga aakazi, anakulunga makinawo m'saka n'kuika pansi pa bedi, petulo ali m'thanki momwemo.

Chimphepo cha mvula yoyamba mu Novembala chinazula mtengo wa malaina kuseri kwa nyumba yawo ku Chowa, n'kuutsamiritsa pakhitchini. Mkazi wanga anati tipite nawo makinawo kwa mdala wina amene kale ankagwira ntchito ku njanji, yemwe amakonza majenereta ndi mapampu pafupi ndi msika. Ine ndinakana. Ndine mkamwini wochokera ku Katete, wopanda munda kuno woti ndingalimire apongozi, ndipo mtima unkalakalaka kuchitapo kanthu ndi manja anga pakhomo limene linandipatsa mkazi. Amayi anangoti, "Apongozi, ngati mukuona kuti mutha, tengani."

Nditatsegula thanki, munatuluka fungo lowawasa ngati la vanishi. Petulo akagona nthawi yaitali amauluka, n'kusiya utomoni wofiirira womata timabowo ta mu kabuleta. Ndinataya zotsalirazo, n'kusakaniza mafuta atsopano mosamala: mamililita 100 a oyilo wa two-stroke m'malita 5 a petulo. Pamenepa sindinaphonye. Injini yamtunduwu ilibe poika oyilo payekha monga galimoto. Oyilo amayenda m'petulo, ndipo ndi yemweyo amene amatereretsa pisitoni m'silinda. Ndinkadziwa zimenezi, koma sindinaziganizire mpaka kumapeto kwake.

Ndikatseka choki n'kukoka chingwe, makina ankatsokomola, kulira pang'ono, kenako zii. Ndinamasula kabuleta pakhonde. Ndi kachitsulo kosaposa bokosi la machesi, ndipo mkati mulibe kabakuli kosungira petulo, chifukwa chainsaw iyenera kulira ngakhale itapendekeka kapena kuzondoka. M'malo mwake muli timapepala tiwiri tamphira topyapyala, tomwe amakaniko amati diaphragm: kena kamapopa petulo kuchokera m'thanki, kena kamakankha kampini kotsegula singano yolowetsa petuloyo. Tonse tinali touma gwa. Pomasula kampini kaja, kasipuling'i kake, kochepa kuposa njere ya mpunga, kanadumpha n'kugwera pabwalo.

Ndinagwada n'kuyamba kupapasa fumbi ndi zala. Amayi anabwera ndi beseni la madzi ndi sopo. "Dothi la ku Chowa salipeta ndi manja, apongozi. Sambani." Iwo akhala moyandikana ndi mgodi zaka zonsezi, ndipo amadziwa kuti m'fumbi limeneli muli mtovu umene umalowa m'magazi a ana. N'chifukwa chake amathirira bwalo asanasese. Kasipuling'i sindinakapeze.

M'tauni ndinagula paketi ya zipangizo za kabuleta. Yoyamba sinakwane, poti sindinawerenge dzina ndi nambala zimene zimadindidwa pathupi la kabuletayo. Makabuleta a Walbro, a Zama ndi a Tillotson amaoneka ofanana kwa munthu wosazolowera, koma timabowo tawo n'tosiyana. Yachiwiri inakwana. Ndinaikanso zinthu mozondoka kaye, mpaka mnyamata wa m'sitolo anandiuza kuti kumbali yopopa, diaphragm ndi imene imakhudza chitsulo kenako gasiketi, pamene kumbali ya singano gasiketi ndiyo imayamba. Zonsezi zinali zolakwa zazing'ono, zobwezeka.

Tsiku limene makina analira, ana a m'makomo oyandikana anathamangira kumpanda. Amayi anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo osalankhula kanthu, chitenje ali nacho pakamwa. Kulira kumeneko anali asanakumve chimwalirire amuna awo.

Koma kunali kulira kodwala, ndipo ine sindinazindikire. Ndikachotsa chala pa kowonjezera moto, injini inkathamangabe yokha, tcheni chikuzungulira. Ndikafinya, inkayamba yatsamwa isanakwere. Pambali pa kabuleta pali timasikuluwu tiwiri tolembedwa L ndi H: ka L kamayeza petulo injini ikamayenda pang'onopang'ono, ka H ikamathamanga kwambiri. Kawirikawiri poyambira amatitseka mopepuka n'kutibweza kamodzi. Ndinamasulako ka L, kutsamwa kunachepa. Kenako ndinagwira ka H. Ndikakamanga pang'ono, liwu linkasalala, kukwera, kuthwa. Ndinamanganso, likukomerakomera. Utsi unatheratu. Ndinkaganiza kuti ndabweza makina a apongozi ku unyamata wawo.

Ndinalowa mumtengo. Nthambi zoyamba zinagwa bwino. Pa thunthu, tcheni chili pakati, liwu linalemera mwadzidzidzi, makina anatentha mpaka kumveka pamagolovesi, kenako anazima. Chingwe chinakana kukokeka. Atazizira chinakokeka, koma mopepuka, popanda kukankha kulikonse.

Mdala wa kumsika sanandikalipire. Anamasula ekizozi, n'kundipatsa tochi kuti ndisuzumire ndekha pabowo. Pisitoni inali ndi mizere yozama yotsika kuchokera pamwamba, aluminiyamu atasungunuka n'kumatirira ring'i mumpata wake. Pulagi inali yoyera mbee, pamene ya injini yodya bwino imakhala yofiirira. Kenako anakowa ndi waya kapaipi ka m'thanki, kamene kumapeto kwake kuli sefa. Sefayo inali yolimba ndi utomoni. Anapinda kapaipiko pakati pa zala, ndipo pamalo pamene kamatulukira m'thanki panayasama ming'alu.

"Mwana wanga, kabuleta munaikonza bwino," anatero. "Koma petulo ankafika wochepa, wosakanikirana ndi mpweya wolowera apa. Makina ankakuuzani kuti ali ndi njala. Inu munawamananso."

Anandifotokozera zimene ndinayenera kumva ndi khutu. Chainsaw yoyezedwa bwino ikamathamanga isanakhudze mtengo, imalira mokhakhala pang'ono, ndipo imasalala ikalowa m'thabwa. Ikasalala ili m'malere, ndiye kuti petulo wachepa. Petulo akachepa, oyilo wachepanso, kutentha kwakwera, ndipo chitsulo chimadya chinzake. Injini yothamanga yokha chala utasiya, nthawi zambiri ikuba mpweya penapake: pakapaipi ka petulo, pakapaipi kena kakang'ono kobweretsa mpweya wopopera kuchokera m'injini, pamphira wolumikiza kabuleta ndi silinda, kapena pa masilu a kulankishafuti. Iye amayambira kuthanki: sefa, paipi, ndi kabowo kopumira thanki, kamene kakatsekeka makina amazima atayenda pang'ono n'kudzukanso ukamasula chivundikiro. Kabuleta amaimasula pambuyo, ndipo ka H amakagwira komaliza. Ine ndinayambira kumene iye amathera. Kapaipi kaja mtengo wake sufika ngakhale pa lita imodzi ya oyilo.

Chovuta kwambiri chinali kubwerera ku Chowa. Kwathu mkamwini salankhula zolemera maso ndi maso ndi apongozi aakazi, ndipo mkazi wanga anadzipereka kuti akanene m'malo mwanga. Ndinaona kuti sikoyenera. Ndinakhala pansi pakhonde, chapatali, n'kufotokoza zonse, kuyambira pa ka H. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa chinthu chimodzi: ngati makinawo angadzalirenso. Ndinayankha zimene mdala anandiuza, kuti silinda mwina ipulumuka akaipala aluminiyamu womatirira, koma pisitoni ndi ring'i ziyenera kugulidwa, ndipo za makina akale chonchi n'zofunafuna ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 140.

Mtengo wa malaina anaumaliza anyamata a kutchalitchi ndi nkhwangwa, ndipo malata awiri a khitchini anapindika poutsitsa. Amenewo ndagula kale. Ndalama ya pisitoni ndikupatula pa malipiro a mwezi uno ndi wamawa, ndipo mdala wavomera kuti pomanga ndidzakhale pambali pake, ndikumugwirira tochi.