Nkhukundembo ya pepala: malangizo kwa makolo ongofika kumene ku America

Mukafika ku America ndi mwana wazaka zinayi, muiwaliretu zoti kuthokoza n'kwaulere. Kwathu mwana amagwada, n'kulandira ndi manja awiri, ndipo akaiwala kunena zikomo, diso la amake limamukumbutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuno kuthokoza kuli ndi nyengo yake ngati mango, komanso zipangizo zake zogula kusitolo. Nyengoyo ndi Novembala, masamba a mitengo atafiira n'kuyamba kuyoyoka, poyandikira Thanksgiving, chikondwerero chimene chimakhalako Lachinayi lachinayi la mweziwo. Sindinachite chibwibwi, ndi mmene aphungu a ku America anakhazikitsira mu 1941. Anzawo a ku Canada amakhala atathokoza kale Lolemba lachiwiri la Okutobala, mwina poopa kuzizira.

Yambani ndi nkhukundembo. Ikani dzanja la mwana papepala, zala atazitambasula, ndipo mulembe mzere kuzungulira dzanjalo. Chala chachikulu ndiye mutu wa mbalameyo, zinayi zotsalazo ndi nthenga. Mwana adzasuntha dzanja muli pakati polemba, chifukwa pensulo imamugirigisha, ndipo mbalame yoyamba idzatuluka ndi nthenga zisanu ndi imodzi. Yachiwiri adzaidula mutu ndi sizasi. Yachitatu mudzapanga nokha usiku iye ali mtulo, ndi dzanja lanu, ndipo m'mawa aphunzitsi adzayamikira kuti mwanayu akukula msanga.

Pa nthenga iliyonse mulembe chinthu chimodzi chimene mwana akuthokoza. Apa pakufunika kulimba mtima. Wanga nditamufunsa, anaganiza mozama ngati mfumu ikuweruza mlandu wa malo, kenako anatchula tabuleti, pizza, galu wa aneba ndi basi yachikasu ya kusukulu. Nthenga zinathera pomwepo. Ine amene ndinali nditangoweruka kumene kuntchito ya usiku, maso ali psuu, dzina langa panalibe. Musapemphe kuti akulembeni pa chala chachikulu. Mukudziwa chimene chimachitikira mutu wa nkhukundembo sabata imeneyo.

Mwana wochenjera adzafunsa chifukwa chake mbalame imene akuikongoletsa m'mawa ndi yomweyo ili mu uvuni madzulo. Muuzeni kuti si zonse zimafa. Chaka chilichonse pulezidenti amaimirira ku White House pamaso pa atolankhani n'kukhululukira nkhukundembo, mwambo umene George H. W. Bush anaukhazikitsa mu 1989. Mlandu umene mbalameyo inapalamula satchula. Mamiliyoni enawo alibe loya.

Ikatha mbalame, pangani mtengo wa kuthokoza. Panja pali masamba enieni, ofiira ndi achikasu, ochuluka moti aneba akuwasesa n'kumawalongedza m'matumba kuti galimoto idzawatenge. Amenewo musawakhudze. Pitani kusitolo mukagule mapepala amitundu, muwadule kuti aoneke ngati masamba aja mwawapondaponda pakhomo, ndipo muwamate panthambi ndi guluu. Mwana akapempha kafumbi konyezimira kaja amati glitter, kumbukirani kuti walira mvula walira matope. Ine ndinalola kamodzi. Pofika Isitala tinali tikudyabe nsima yothwanima, chifukwa kafumbiko kanalowa mu ufa umene ndinagula mtengo wa mbuzi kusitolo ya zakudya za ku Africa.

Pali luso lina limene muyenera kubisa ngati ngongole. Ana amapatsidwa chimanga chouma, nyemba ndi makaroni kuti amate papepala, akuti posonyeza zokolola zochuluka. Agogo akaimba pa WhatsApp, pepala limenelo lisaoneke. Kumudzi Novembala ndi mwezi woyang'ana kumwamba, mbewu ili m'manja, nkhokwe itayamba kumveka phokoso la chitini chopanda kanthu. Mdzukulu wanga wa kuno, adzatero agogo, akumata chimanga ndi guluu? Mudzayesa kufotokoza kuti ndi phunziro la kuthokoza. Adzakhala chete pang'ono, kenako adzakuuzani mtengo wa thumba la feteleza, ndipo simudzakhala ndi pothawira, umboni uli pafiriji kumbuyo kwanu. Nkhukundembo ija mutha kuwaonetsa. Adzati ndi nkhanga yodwala.

Kenako pali zipewa. Sukulu zina zimapangitsabe ana chipewa chakuda cha pepala, cha Angerezi amene anafika pa sitima ya Mayflower mu 1620. Anali anthu 102, ndipo pofika kumapeto kwa nyengo yozizira yoyamba ku Plymouth, pafupifupi theka anali atamwalira. Otsalawo anapulumuka chifukwa cha eni nthaka, a Wampanoag. Mwamuna wina dzina lake Tisquantum anawaphunzitsa kudzala chimanga, n'kumakwirira nsomba m'phando ngati manyowa. Mwana akafunsa kuti Chingerezi anachidziwira kuti, nenani kuti anali wokonda kuyenda. Zoti woyendetsa sitima wina Mngerezi anamuba mu 1614 n'kupita naye ku Spain kukamugulitsa sizikwana papepala la sukulu ya mkaka.

Chimanga chitacha mu 1621 panali phwando la masiku atatu. Mfumu ya a Wampanoag, Massasoit, inabwera ndi amuna pafupifupi 90, ndipo anthu ake anapha agwape asanu a ndiwo. Chithunzi chimene mwana akujambula chithere pomwepo, onse akumwetulira. Kwathu timati mlendo ndi mame, ndipo mwina a Wampanoag ankaganizanso choncho, koma mame awa dzuwa linawalephera. Mu 1675 kunabuka nkhondo, chaka chotsatira Metacom, mwana wa Massasoit yemweyo, anaphedwa, ndipo mutu wake unapachikidwa pamtengo ku Plymouth komweko kwa zaka zambiri. M'bokosi la makrayoni mulibe mtundu woyenera zimenezi. Kuyambira 1970, tsiku la Thanksgiving eni nthaka amasonkhana ku Plymouth kukalira maliro a anthu awo pamene ena akudula nyama. Mwana akafunsa ngati a Wampanoag alipobe, yankho ndi lakuti inde, ali ku Mashpee ndi ku Aquinnah, ku Massachusetts komweko. Akafunsa ngati anawathokoza, mpatseni guluu wina.

Tsiku lenilenilo, musanadye, aliyense patebulo amanena chimene akuthokoza. Mukonzekeretseni mwana kudakali m'mawa, monga timachitira ndi mboni, kuti atchuleko makolo. Musanyade kwambiri kuti kwathu ana amathokoza ndi mtima wonse. Tonse tikukumbuka zikomo amene tinkanena khutu lili m'manja mwa amayi, titapatsidwa malaya a msuweni otifika m'mawondo.

Mugone msanga, chifukwa kukacha ndi Black Friday. Dzulo lake munati zimene muli nazo n'zokwanira, ndiye lero muyenera kukaima pamzere kunja kukuzizira kuti mugule wailesi yakanema yachiwiri. Mwana mupite naye. Pa shelefu ya zidole adzadzigwetsa pansi, kupalasa miyendo ndi kukuwa kuti simumugulira kanthu chibadwire, m'zala mwake muli guluu wa dzana. Nkhukundembo ija muisiye pafiriji mpaka Lamlungu. Lolemba m'chikwama chake mudzapeza kalata ya aphunzitsi yopempha thonje la ndevu za Father Christmas.