Injini Yonseyi, Malikisi 1 Basi

Galimoto ikakwanitsa zaka 40 ku Britain imapatsidwa ulemu wa agogo. Msonkho wa pamsewu sikhoma, ndipo ngati sinasinthidwe kwambiri, kumayeso a chaka ndi chaka a MOT sipitanso. Mlandu umayamba mwini wake akaigwera m'chikondi. Mini ya 1965 aichotsa injini, aikamo ya Honda, adula apa, awotcherera apo, kenako ulendo wokalembetsa, nkhope ili gwa, ati ndi yomwe ija.

Kwa zaka zambiri ofesi yolembetsa magalimoto ya DVLA ku Swansea inkaweruza nkhani zotere ndi malikisi, ngati mayeso a Fomu 4. Chasisi choyambirira chosadulidwa, malikisi 5. Giyabokosi 2, maekiselo 2, chiwongolero 2, masipuling'i ndi mashoko 2. Nanga injini, imene bambo wagulitsira mipando ya m'nyumba mpaka mayi kupakira? Malikisi 1 basi! Ukalephera kufika 8, kuphatikizapo 5 a chasisi aja, nambala yakale ija uiiwale. Unkalandira yoyamba ndi Q, chilembo chouza aliyense pamsewu kuti msinkhu wa galimotoyi sudziwika. Mwana wopanda mfunda.

Ndikakwera minibasi zina za kwathu kuno, zija chitseko n'cha galimoto ina, mipando ya ina, buti yomanga ndi linya, ndimangothokoza kuti Swansea ndi kutali. Choyambirira chimene chatsala pa izo ndi hutala yekha, ndipo hutala pamayesowo analibe malikisi.