Tsabola Wakale Sawawa? Kafunseni Phewa

Tsabola wakale sawawa. Amene anapeka mwambi umenewu ayenera kuti anali wamalonda, ndipo akanakhalapo lero bwenzi ali ndi shopu ku Kamwala mu Lusaka, chapafupi ndi msika wa Luburma. Kumeneko mwambiwu ndi lamulo la bizinesi. Foni ya chaka chatha ndi yakale. Nsapato ya mwezi watha ndi yakale. Mukafunsa ngati katunduyo ndi wolimba, mnyamata wa pakauntala amayankha kuti wangofika kumene, ngati kuti kufika ndi kulimba n'zapachibale.

Pali gulu limodzi limene limaukana mwambiwu poyera: madala amene anavalapo yunifolomu ya usilikali. Mudzawapeza akusewera nsolo pansi pa mtengo ku Kabwata kapena m'mbali mwa Chilimbulu Road. Umboni wawo ndi umodzi wokha, ndipo satopa nawo. Ndi mfuti yotchedwa FN, ena amati SLR.

Mfutiyi ndi yakaledi. Anaipanga ndi Dieudonné Saive wa kampani ya Fabrique Nationale ku Herstal, m'dziko la Belgium, ndipo magulu ankhondo anayamba kuigula m'zaka za m'ma 1950. Maiko oposa 90 anaigwiritsapo ntchito. Angerezi anapanga yawo n'kuitcha L1A1, ndipo mtundu umenewu unafalikira m'maiko ambiri amene iwo ankalamulira. Mu 1982 ku Falklands, asilikali a Britain ndi a Argentina anawomberana onse atanyamula mfuti ya banja limodzi. Amene sanataye kanthu pankhondo imeneyo ndi mwini fakitale.

Tsabola wake ali m'chipolopolo. Ndi cha 7.62x51, cholemera pafupifupi magalamu 9.5, ndipo chimatuluka mumpope paliwiro la mamita oposa 800 pa sekondi imodzi. Poyang'anira chandamale anapalemba manambala mpaka mamita 600. Chipolopolo chotere sichipempha njira kwa thengo kapena chitseko. Koma mphamvu imene imachikankhira kutsogolo imakankhiranso thako la mfuti kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli phewa la munthu. Aliyense amene anaphunzira kuwombera ndi FN amakumbukira tsiku loyamba, osati chifukwa analasa, koma chifukwa madzulo ake anavutika kuvula malaya. Mitundu ina ya FN inkatha kulavula zipolopolo mosalekeza munthu akangogwira kachitsulo osasiya. Angerezi ataona kuti chipolopolo choyamba chimapita kwa mdani, chachiwiri pamwamba pa mutu wake, chachitatu kwa akhwangwala, anati yawo iziwomba chimodzichimodzi. Anachita mwanzeru, ngakhale madala ena mpaka lero amati kunali kuuma manja.

Chimodzichimodzi chimenecho musachipeputse. Agogo athu ankasaka ndi gogodela. Unkathira wonga kukamwa, n'kutsindira ndi ndodo, n'kuikamo chipolopolo, ndipo ukaphonya njati, zotsalazo munkakambirana awiri, iwe ndi njatiyo. FN imadzidyetsa yokha. Chipolopolo chikamadutsa mumpope, mpweya wina wotentha umapatukira pakabowo n'kukankha pisitoni. Pisitoniyo imabweza chitsulo chotsekera, khoko lopanda kanthu limaponyedwa kunja, sipuling'i imabwezeretsa chitsulocho chitatola chipolopolo china m'magazini. Zonsezi zimatha munthu asanaphethire, ndipo magazini imanyamula 20.

Apa ndi pamene pali nkhani ya kudalirika, ndipo madala akafika apa amaiwala kuti nsolo ikudikira. Kutsogolo kwa mfutiyi kuli kamphete kopotokola koonjezera kapena kuchepetsa mpweya wopita ku pisitoni. Mpweya ukachepa, khoko silituluka bwino, mfuti imakakamira. Ukachuluka, mfuti imagwira ntchito ndithu koma imamenya phewa mwaukali n'kumadzidya yokha m'kati. Msilikali wodziwa ankaipatsa wongokwanira, ndipo ikada ndi mwaye nkhondo ili m'kati ankaonjezerako. Ndiye kuti FN ndi mfuti yofuna kuimvetsera. Sikana ntchito, koma imafuna kusambitsidwa, kudzozedwa mafuta pang'ono osati ochuluka, ndi kufunsidwa kuti yadzuka bwanji.

Mdani wake wamkulu ndi mchenga. Asilikali a Israel anadandaula nayo m'chipululu, kuti fumbi likalowa imaima. Angerezi anajoba timizere pachitsulo chake choyendayenda kuti mchenga uzipeza pothawira. Amene anayendapo ku Kamwala mu Ogasiti, mphepo ikutola fumbi ndi mapulasitiki kuchokera ku Independence Avenue n'kukuthirani m'maso, angamvetse chifukwa chake msilikali wa kuno ankagona ndi kansanza m'thumba.

Mnzake wopikisana naye, AK-47 ya Mikhail Kalashnikov, ndi wakhalidwe lina. Chipolopolo chake cha 7.62x39 n'chachifupi, sichifika kutali mofanana, koma magazini imatenga 30, ndipo zitsulo zake anazisiyira mpata woti dothi lizikhalamo popanda mkangano. Ya FN imalemera makilogalamu oposa 4 ilibe kanthu, kutalika kupitirira mita imodzi. Okonda FN amati AK ndi ya anthu aulesi osafuna kutsuka. Okonda AK amayankha kuti ya kwawo ili pambendera ya Mozambique, nanga yanuyo ili pambendera ya yani? Mkangano umenewu sunathepo, ndipo ine ndimaona kuti onse akunena zoona, kungoti wina akukamba za mamita 500, wina za matope a Januwale.

Lusaka anamvapo mawu a mfuti ziwirizi, si nkhani ya m'mafilimu. Pankhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, mfuti ya masiku onse ya asilikali a Rhodesia inali FN, zambiri zochokera ku South Africa kumene ankazitcha R1, pamene omenyera ufulu a ZIPRA ankanyamula AK. Pa 19 Okutobala 1978 a Rhodesia anaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa mzinda, anthu ambiri anafa. Pa 13 Epulo 1979 asilikali awo analowa mumzinda weniweni usiku pa magalimoto, n'kuphwasula nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa omenyera ufulu aja, pafupi ndi State House. Zida zinagwira ntchito yake, nyumba inagwa. Nkomo sanamupeze. Palibe fakitale imene inapangapo mfuti yolasa munthu amene palibe.

Tsono mverani za Angerezi aja. Kuyambira mu 1985 anayamba kusiya L1A1 n'kutenga mfuti yatsopano, SA80, ya chipolopolo chaching'ono cha 5.56. Yaifupi, yamakono, yosamenya phewa. Yangofika kumene. Mu 1991 anapita nayo ku nkhondo ya ku Gulf, ndipo mchenga unailandira bwino lomwe: kukakamira, tizitsulo kuthyoka, magazini kugwa yokha msilikali akuyenda. Zinafika poti kuyambira mu 2000 anaipereka kwa Ajeremani a Heckler & Koch kuti aikonze. Itakonzedwa inakhala bwino, tisainamizire. Koma ku Afghanistan kunabuka vuto lina. Adani ankawombera ali kutsidya kwa chigwa, kutali kumene kachipolopolo kakang'ono kamafika katatopa. Mu 2010 Britain inagula mfuti ina, L129A1, yowomba chimodzichimodzi, magazini ya 20, chipolopolo chake 7.62x51. Chomwe chija. Aamereka nawo anakatsegula nkhokwe n'kutulutsa M14 zawo za m'ma 1960, n'kuzipukuta fumbi. Tsabola amene anamutaya kudzala anakamugulanso pamtengo wa lero.

Musathamangire ku Kamwala kukafunsa mtengo. Mfuti yankhondo si katundu wa m'shopu, ndipo ngakhale yosakira nyama lamulo la Firearms Act limafuna laisensi. Zimene mungapezeko ndi za pulasitiki, za madzi, zimene zimathyoka Khirisimasi isanathe.

Nkhani ikafika pa Angerezi, mdala amatsamira kumtengo ngati wapambana mlandu kukhoti. Nthawi zonse pamapezeka mnyamata wopanda mantha.

"Koma atate, lero atakupatsani FN yanuyo, mungalase pa mamita 600?"

"Mwana wanga, mfutiyo ingalase."

"Nanga inuyo?"

"Usandisokoneze. Tandiwerengera nthanga zili m'dzenje ilo, magalasi ndasiya kunyumba."