Mendulo ya a National

Pa onse amene akhetsa thukuta potumikira dziko lino, alipo mmodzi amene sitinamuitanepo kutsogolo kuti timuveke mendulo. Salandira malipiro, sapempha alawansi ya ulendo, ndipo sanajombepo kuntchito ponamizira maliro a azakhali. Usiku ndi usana ali pa wailesi, m'nyuzipepala, pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi pakamwa pa nduna. Ndikunena mawu a Chingerezi a zilembo 8 aja, "national", amene malilime athu anawasula mpaka kukhala nashonolo. Poti ndi akuluakulu, ndiziwatchula mwaulemu kuti a National.

Ndiyambe ndi liwiro lawo. Munthu wochoka ku Chitipa pa basi kupita ku Nsanje amatsanzika ana, amamanga kamba, ndipo amagona panjira. Wopita ku Likoma amayamba wadikira Ilala padoko. A National amafika m'maboma onse 28 mkulu wolankhula uja asanameze malovu. Mvula ikakokolola mlatho, lole ya feteleza imaima tsidya lino, ambulansi n'kubwerera, koma iwo amaoloka nsapato zili zouma gwa. Pulogalamu ikangotchedwa "national", ndiye kuti papepala yafika kale kwa Nthalire ndi kwa Nyachikadza, ngakhale galimoto yake ikadali m'galaja ku Lilongwe kudikira tayala.

Aphunzitsi a galamala amati a National ndi mfotokozi. Koma si mfotokozi ngati athu a m'Chichewa, amene amayenda pambuyo pa dzina monga mwana woleredwa bwino, n'kumasintha malaya kuti agwirizane nalo: munthu wamkulu, nyumba yaikulu, dengu lalikulu. Iwo amayenda patsogolo, dzina pambuyo, ngati njinga zamoto zotsogolera mdipiti wa pulezidenti. Malaya sasintha. Kaya akutsogolera banki, kaya nyimbo, kaya njala, suti ndi yomweyo.

Banja lawo linachokera ku Chilatini, ku mawu akuti "natio", okhudza za kubadwa. Bambo awo ndi "nation", amene timati neshoni, koma mwanayu anakana katchulidwe ka bambo ake, ndipo ambiri tinalawa chikwapu kupulaimale chifukwa chonena kuti neshonolo. Ali ndi mng'ono wawo, "nationwide", amene amatumidwa mauthenga ozizira okhaokha: kuzima kwa magetsi, sitalaka, kusowa kwa shuga. Alinso ndi msuweni wonyada, "international", amene masiku ano wadzaza pa zipata za sukulu za mkaka ndi pa nsalu za matchalitchi opempherera m'makalasi obwereka. Pa onsewa, wakhama ndi mkuluyu.

Mphatso yawo yaikulu ndi yofufumitsa zinthu popanda kuwonjezerapo ufa, ngati yisiti m'mandasi. Anthu 20 akakumana m'hotela kunyanja ku Mangochi n'kudya chambo masiku atatu, umenewo ndi msonkhano chabe. Ikani a National patsogolo, ndiye kuti mtundu wonse wafunsidwa maganizo, kuphatikizapo agogo anu amene masiku amenewo anali kudimba kuthirira mpiru. Kabungwe kamene ofesi yake ndi chikwama cha mwini wake kamakhala ndi "national coordinator". Chipani chimene sichinapezepo ngakhale khansala mmodzi chili ndi "national chairman", bambo amene kunyumba kwake ngakhale galu samumvera. Ndani wina angakweze munthu paudindo chonchi osakhudza thumba la boma?

Amadziwanso kusankha pokaponda. Mjigo ukathyoka m'mudzi, amayi n'kumatunga madzi kudambo miyezi 6, a National sadetsa nsapato zawo. Imeneyo ndi nkhani ya amfumu ndi komiti ya mjigo. Koma mizere ya galimoto ikatalika masiku awiri pomwetsera mafuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amafika mwamsanga atagwirana manja ndi mnzawo "crisis". Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Munthu wosaphunzira angaganize kuti vuto la dziko lonse ndi limene lagwera ambiriwo. A National amadziwa bwino: vuto limakula malinga ndi kuyandikira kwake ku maikolofoni.

Anzawo ena awiri a ponda apa nane mpondepo ndi "cake" ndi "interest". Keke ya dziko imatchulidwa kwambiri nthawi ya kampeni. Sindinakumanepo ndi munthu amene anaiona ikuphikidwa, koma onse amagwirizana kuti ikugawidwa mokondera. Taonani nzeru yake. Akanati ndi chigumu kapena thobwa, aliyense akanathamangira kumeneko ndi mbale kapena chikho chake. Keke imadyedwa ndi foloko, ndi anthu oitanidwa pa khadi. Pamene "national interest" ndi chivundikiro chokwana mphika uliwonse. Mtolankhani akafunsa kumene ndalama zalowera, mawu awiriwa akangotuluka, funso limakhala pansi lokha n'kupinda manja.

Ena amawajeda kuti ndi anthirakuwiri. Ine ndimati ndi opanda tsankho. Ku South Africa anatumikira National Party, imene inalamula kuyambira 1948 mpaka 1994 n'kukhazikitsa ulamuliro wosankhana khungu, ndipo nthawi yomweyo anali atakhala phee pakati pa dzina la African National Congress, imene inayamba mu 1912 ndipo atsogoleri ake ankatsekeredwa m'ndende ndi chipani chinacho. Womanga ndi womangidwa, onse a National. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma awa anatuluka osadontheredwa. Kuno kwathu National Bank of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndi banki ya malonda yokhala ndi eni masheya, pamene imene imatulutsa kwacha ya tonsefe ndi Reserve Bank, yopanda a National m'dzina lake. Ku Rwanda ndi ku Ethiopia, National Bank ndiye banki yaikulu ya dziko. Suti ndi yomwe ija, ntchito ndiyo imasintha malinga ndi bwana.

Masiku ena amavula umfotokozi n'kukhala dzina paokha, kutanthauza nzika. Chodabwitsa n'chakuti akatero amakonda kuloza mlendo. M'bale wathu ali kwawo ku Mangochi kapena ku Mzimba palibe amene amamutcha "national". Ndi mwana wa auje basi. Akangotsika basi ku Johannesburg, nyuzipepala za kumeneko zimamuveka udindo wa "foreign national". Munthu amayenera kuthawa m'dziko lake kuti aitanidwe ndi dzina la dziko lake.

Tili ndi malo 5 otchedwa "national park": Nyika, imene inayamba mu 1965, kenaka Kasungu, Lengwe, Liwonde ndi Lake Malawi. Ndi chuma cha tonsefe, n'chifukwa chake chimalonderedwa ndi mfuti. Woyandikana nacho akalowa kukatola nkhuni popanda chilolezo amakafotokoza kukhoti. Njovu ikatuluka kukamukololera chimanga siifunsidwa kalata. Njovuyo ndi ya nashonolo, mlimiyo ndi wa kwa gulupu auje.

Ndisawanamizire kuti amangodya za ulele. Alipo masiku amene amagwiradi khasu. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, mayi amene sanapondepo m'kalasi amadziwa kusiyana kwa sekondale yoyendera, ya m'boma lawo, ndi ya nashonolo. Akamva kuti mwana wasankhidwa kupita ku Dedza, ku Blantyre Secondary, ku Lilongwe Girls kapena ku Mzuzu Government, nthungululu imamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, tambala n'kutaya moyo. Kumeneko mwana wa ku Karonga amagona chipinda chimodzi ndi wa ku Thyolo, n'kumadandaulira limodzi nyemba zofumbwa, ndipo pomaliza Fomu 4 aliyense amatha kupempha mchere ndi kutukwana m'chinenero cha mnzake. Ngati mtundu uli ndi pamene umaumbidwira, ndi pa mbale ya nyemba imeneyo. Chimodzimodzi Flames ikamwetsa chigoli pa Bingu National Stadium, bwalo limene linamangidwa ndi ngongole ya ku China n'kutsegulidwa mu 2017: mfuu wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje umatuluka nthawi imodzi popanda wolembera kalata mnzake.

Chaka chomwecho cha 2017 a National Registration Bureau anazungulira dziko ndi makamera n'kulembetsa anthu oposa 9 miliyoni, ndipo kanthawi kameneko a National anakhaladi pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu, fumbi lili mbuu ku nsapato. Anatisiyira kakhadi kamene popanda iko sugula feteleza wotsika mtengo kapena kulembetsa nambala ya foni. Pakakhadipo analembaponso tsiku lothera ntchito, ngati pa botolo la mankhwala a chifuwa, kutikumbutsa kuti ngakhale Umalawi umafuna kuwonjezera mayunitsi.

Mdani wawo ndi mmodzi, Chichewa. Womasulira nkhani pa wailesi akakumana nawo amayamba wakanda mutu, chifukwa chinenero chathu chilibe manyazi, chimafunsa kuti mwini wake ndani. "National anthem" timati nyimbo ya fuko. "National team" ndi timu ya dziko lino. Nkhokwe za chimanga zimene pa Chingerezi ndi za a National, kwa ife ndi nkhokwe za boma. Mu "National Assembly" ndiye amasowa osatsanzika, n'kutsala Nyumba ya Malamulo. Fuko, dziko, boma: eni atatu osiyana, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti mbuzi ya boma si ndiwo zako. Chingerezi chimafunditsa atatuwa chitenje chimodzi, kotero kuti suona mwendo wa uyu ndi wa uyo. Apa ndiye pagona ukatswiri wonse wa mkuluyu. Galimoto zonyezimira zikagulidwa zimakhala za boma, zokwera anthu odziwika mayina. Ngongole yake ikabwera imatchedwa "national debt", yobweza mdzukulu wanu amene sanabadwe.

Chichewacho chinalawako ukulu wawo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachikweza kukhala "national language", udindo umene mpaka lero timautchula m'Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, n'kudzabwereranso mu 1994. Abale athu a kumpoto anaphunzira mu 1968 muja kuti a National akamakumbatira mtundu wonse, alipo ena amene amabanika m'khwapa.

Tsono ine ndikupempha kuti mendulo iperekedwe mosachedwa. Mwambo wake uchitikire ku likulu, m'hema wokongola. Oitanidwa akhale 200, amayi avine, keke idulidwe, ndipo m'mawa mwake nyuzipepala zilembe kuti mtundu wonse unakondwera. Ife a kwathu tidzamvera pa wailesi, monga mwa masiku onse.

Pajatu m'mudzi mwathu a National amene tinkawadziwa maso ndi maso anali ena. Agogo aamuna anali ndi wailesi ya mabatire 4, yofunditsidwa kansalu koluka, ndipo pamphumi pake panalembedwa kuti National. Inali yochokera ku Japan, ku kampani ya Matsushita ya ku Osaka, imene inayamba kugwiritsa ntchito dzinali mu 1927 pa nyali za njinga, n'kudzalipumitsa itasanduka Panasonic mu 2008. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, pamphasa pambali pa ufa, kuti atikankheko mpaka nkhani za madzulo. Dzuwa likalowa anthu ankasonkhana pakhonde kumvera za mapulani onse a nashonolo amene anali m'njira kubwera kwathu. Ena mwa mapulaniwo akadali m'njira.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wa kafukufuku, mafomu ali m'manja, cholembera chili kukhutu. Atapatsidwa mpando anafunsa agogo ngati anapindulapo ndi chinthu chilichonse cha nashonolo. Agogo anamuyang'ana kanthawi, kenaka analoza pawindo.

"Nashonolo ndi iyo apo, mwanawe," anatero. "Kulankhula ndiye imatha. Koma mabatire timagula tokha."