Chitamando cha Lazaro, Chiphakasa cha ku Mchengautuwa

Popeza masiku ano aliyense amene ali ndi pakamwa akutamanda magalimoto onyezimira amene amatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam nalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, a Sienta ndi a Vitz aja amene adzaza misewu ya Mzuzu ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo popeza sindidamvepo munthu ndi mmodzi yemwe ataimirira pabwalo kuti anenere zabwino chiphakasa, chimene onse amachiseka chikamadutsa ndi kuchitukwana chikaima, ndaona kuti n'koyenera kuti ine, amene ndidaleredwa mu utsi wake ndipo mapewa anga adakhwimira pamsana pake, ndibweze ngongole imene ndakhala nayo zaka zoposa makumi anayi. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo ndikhulupirira kuti chiyamiko nachonso sichiola.

Atsibweni anga adali mmodzi wa amuna aja amene adatsikira ku Bulawayo ali anyamata osamera ndevu, nakhala kumeneko zaka zambirimbiri akuphikira mzungu, kufikira kwathu adayamba kuwawerengera pamodzi ndi machona. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu m'chaka cha 1980, bwana wawo adamanga katundu kulowera kummwera, ndipo m'malo mwa ndalama zotsazikira adawasiyira galimoto imene iye mwini adali atatopa nayo kale, Morris Minor Traveller ya 1958. Anzawo ankabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Iwo adabwerera atakhala pa chiwongolero. Adadzera ku Chirundu, ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Lundazi, ndipo ulendowo udawatengera milungu itatu, pakuti galimotoyo idafa kasanu ndi kawiri panjira, ndipo kasanu ndi kawiri idauka. Itafika ku Mchengautuwa, mkulu wina wa mpingo amene adamva mbiri ya ulendowo adaitcha Lazaro, ndipo dzinalo lidakanirira. Ngakhale, kunena mosapsatira, lidali dzina loichepetsa, chifukwa wa ku Betaniya uja adaukitsidwa kamodzi kokha, pamene wathuyu ankaukitsidwa m'mawa uliwonse.

Wina asayese kuti Lazaro adali wopanda mbumba. Mtundu wake adaulingalira ndi Alec Issigonis, yemwe uja amene pambuyo pake adabala Mini. Udayamba kuoneka m'chaka cha 1948, unkapangidwa ku Cowley pafupi ndi Oxford, ndipo ndiwo mtundu woyamba wa galimoto ya ku Britain kufika pa chiwerengero cha 1,000,000. Zimamveka kuti mwini fakitale, Lord Nuffield, atauona koyamba adaipidwa nawo naufanizira ndi dzira lophika. Koma za mneneri ndi anthu akwawo tonse tidziwa.

Chimene chidampatula Lazaro pakati pa magalimoto onse a mu Mzuzu chidali ichi: kuyambira kumbuyo kwa dalaivala kufikira ku zitseko ziwiri za kumatako, mafupa ake adali a mtengo, monga chingalawa cha Nowa, ndipo mtengowo sudali wongokometsera ayi, ndiwo unkagwiriziza thupi lonse la kumbuyoko. Tsono inu amene mudziwa mvumbi wa Mzuzu, uja wosadziwa kutsazika, umene umagwabe mu Epulo pamene kwina akunola kale zikwanje zokololera, ganizirani nokha chimene chidachitika. Chaka choyamba pa chitseko cha kumbuyo padamera bowa. Chaka chachiwiri chiswe cha ku Mchengautuwa, chimene chibadwire chake sichidalaweko mtengo wa ku Ulaya, chidatumiza nthumwi zake kudzera pa tayala la kumanzere, ndipo nthumwizo zitakanena zabwino kwawo, mudzi wonse udasamuka. Ndifunse, ndi galimoto iti ya lero imene ingamere ndiwo pathupi pake? Zoti azakhali, akazi a atsibweni, adakana kuphika bowayo ndi mlandu wawo, si wa Lazaro. Ndipo ndi galimoto iti imene, ikadwala, mwini wake amayamba wakhala pansi kulingalira ngati matendawo ndi a makaniko kapena a kalipentala? Thabwa lililonse limene chiswe chidatafuna, kalipentala wa kuseri kwathu ankalowetsapo paini wa ku Chikangawa, kotero kuti pofika 1985, chaka chimene Mzuzu idakwezedwa kukhala mzinda, Lazaro adali Mngelezi kutsogolo ndi Mtumbuka kumbuyo.

Koma ulemerero wake weniweni unkaoneka m'mamawa. Batire yake idali itagona tulo ta makolo. Hendulo yopukusira injini idalipo, koma itawamenya atsibweni padzanja tsiku lina kufikira chala chachikulu chidatupa ngati mbatata, adaipachika kudenga osaikhudzanso. Njira yotsala idali imodzi, yokankha. Nchifukwa chake Lazaro sankagona paliponse ngati munthu wamba: malo ake adali pamwamba pa chitunda, mphuno italoza kudambo, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Dzina la Mchengautuwa m'Chitumbuka litanthauza mchenga woyera, koma amene adalitcha sadakankhepo galimoto kumeneko m'dzinja. Kukacha, nkhungu ikadali pansi ndipo mano akugundana, atsibweni ankatuluka atavala jekete ndi tayi, naima pakhonde ngati mfumu yoyang'ana asilikali ake, naitana kuti, "Aphwanga, dzutsani anzanu, Lazaro wagona mokwanira." Tinkasonkhana ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina ali ndi mswachi mkamwa, wina kabudula ali wogwirizira ndi dzanja limodzi. Iwo ankalowa, kuika giya yachiwiri, kuponda kilatchi, ine nkuchotsa mwala, ndipo tinkathamanga naye mapazi akuterereka m'matope kufikira atamasula phazi. Pamenepo Lazaro ankadzidzimuka, kutsokomola kawiri, kulingalira pang'ono ngati dziko lino ndi loyenera kubwereramo, kenako phuu! utsi wakuda pa malaya athu a sukulu. Akakana, tinkamubweza pamwamba pa chitunda ndi kuyambiranso.

Taonani tsono zipatso za mwambo umenewu. Atsibweni anga, amene ali ku Bulawayo adali munthu wa mkwiyo, kuyambira tsiku limene adafika ndi Lazaro sadakanganepo ndi mnansi wawo aliyense, pakuti munthu sayambana madzulo ndi phewa limene adzalifune m'mawa. Ankapatsa moni aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, woledzera ndi wosaledzera. Ankadziwa mwana wa yani wadwala ndi wa yani wakula kufika pa msinkhu wokankha. Alaliki akhala akutiuza zaka zonsezi kuti mutu umodzi susenza denga, koma sadatembenuze anthu ochuluka monga adachitira Lazaro popanda kulalikira. Mwini Vitz wa lero amadutsa pa maliro magalasi ali otseka, chifukwa galimoto yake imalira ndi kakiyi chabe, ndipo safuna munthu.

Mtima wake udali kapampu ka petulo ka magetsi kamene kadali pansi pa boneti. Mukatembenuza kiyi kankayamba kugunda, tiki-tiki-tiki, ngati wotchi, ndipo banja lonse linkakhala chete kumvetsera, pakuti kugundako ndiko kudali moyo. Kakaleka, Lazaro ankafooka pang'onopang'ono nakagona m'mbali mwa msewu mopanda phokoso, monga amafera olungama. Atsibweni sankanena kanthu. Ankatuluka, kupinda manja a malaya, kutukula boneti, ndi kukagogoda kapampuko ndi sipanala kamodzi, mwaulemu, monga munthu wogogoda pakhomo pa apongozi. Ndipo kankayambanso kugunda. Tsiku lina ndidapempha kuti ndigogode ine, ndipo mwa changu cha ubwana ndidakamenya kawiri ndi mphamvu. Adandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Aphwanga, mudamva chimene chidamletsa Mose kulowa m'Kanani?" Tsiku limenelo tidabwerera kunyumba wapansi.

Za ulemu wake pamsewu ndingonena mwachidule. Lazaro sankaphethira nyali pofuna kukhota monga amachitira a masiku ano. M'nthiti mwake munkatuluka kamkono kofiirira koloza kumene akupita, ndipo ana a m'mbali mwa msewu, poyesa kuti akuwapatsa moni, ankamubayibitsa. Ka kumanja kankafuna kumenyedwa ndi chibakera cham'kati kuti katuluke. Ka kumanzere kakatuluka sikankafuna kubwerera, kotero kuti anthu a ku Katoto ndi ku Chibavi adazolowera kuona galimoto yolonjeza kukhotera kumanzere kwa mwezi wathunthu, koma ikupita molunjika. Andale ena adaphunzira kwa iye.

Ulendo umene sindidzauiwala ndi wa ku Nkhata Bay. Mtunda wake sufika makilomita 50, ndipo amene sadziwa kanthu amauyenda mu ola limodzi osaona chilichonse. Ife tidanyamuka tambala woyamba atalira. Kutsika kudali kwa chikhulupiriro, pakuti mabuleki a Lazaro akatentha ankasanduka nkhani yongomva, atsibweni ankawapopa ndi phazi ngati wosula akupopa mvukuto, azakhali ali maso chotseka milomo ikugwedera, ine ndili kumbuyo nditafungatira mwala wathu uja pamiyendo ngati khanda, wokonzeka kudumpha ndi kuutsamiritsa ku tayala akangoti, "Mwala!" Sindidapatsidwepo udindo wina wolemera chotero m'moyo wanga wonse, ngakhale ndagwira ntchito m'maofesi angapo. Kunyanja tidagula batala wamuwisi, ndipo monga mwa mwambo wa apaulendo tidammangirira pa kalilole wa kunja kuti aziombedwa mphepo. Koma mphepo imafuna liwiro, ndipo liwiro Lazaro adalikana ali mwana. Pokwera zitunda zobwerera ku Mzuzu adatidziwitsa mofatsa kuti sangathe kusenza anthu ndi phiri nthawi imodzi. Tidatsika tonse, azakhali nasenza dengu la usipa ndi chinangwa pamutu, ndipo ankatsogola kukatidikira pamwamba pa chitunda chilichonse, atakhala pansi, akutiyang'ana ndi maso amene ndikawakumbukira ndimazizidwa mpaka lero. Tidafika nyenyezi zitatuluka. Batala uja adali atayamba kulankhula, ndipo agalu a ku Mchengautuwa adatilandira ndi ulemu umene sadatipatsepo kale. Kuthamanga sikufika, ife sitidathamange, ndipo tidafika.

Ndidziwa kuti otsutsa salephera. Adzati chiphakasa chimadya ndalama, ndipo azakhali akadakhala ndi moyo akadaimirira kuchitira umboni, pakuti iwo sankamutcha Lazaro koma "mkazi mnzanga", ndipo ankati mafuta ophikira amatha m'nyumba koma oyilo wa mkazi mnzawo sasowa. Sinditsutsa; wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Koma otsutsawo andiuze ngati iwo amagona tulo monga ankagonera atsibweni, amene ankasiya kiyi momwemo usiku wonse. Akuba adabwera kamodzi. Adachotsa mwala, nakankha kutsetsereka chitunda, nakankhabe kufikira kudambo. Ndipo m'mawa tidampeza Lazaro ali chilili m'matope, kamkono ka kumanzere kali kotukula, pambali pake pali patapata mmodzi woduka. Mbiri idawanda, ndipo sadabwerenso.

Adzatinso padali ena omposa, ndipo ndivomereza kuti m'masiku amenewo mu Mzuzu mudali ngwazi: Peugeot 404 ya giya ya pachiwongolero, imene mtundu wake udapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, ndipo kuno inkasenza matola, mbuzi ndi matumba a chimanga osadandaula, Volkswagen ija ya msana wa kamba, yosamwa madzi, imene agogo ena atatsegula kutsogolo kwake napeza mulibe injini adayamba kulira kuti mwana wawo waberedwa, ndi a Datsun 120Y osawerengeka. Onsewo ndiwavulira chipewa. Koma usiku wina wa mvula, mayi wina wa kuseri kwathu atayamba kumva zowawa za kubala, si iwo amene adali pafupi. Amuna asanu ndi atatu adadzuka ndi kukankha, ndipo Lazaro, amene kawirikawiri sankalira pa kukankha koyamba, adalira. Zoona, adazima asadafike kuchipatala, ndipo mwanayo adabadwira pa matabwa a ku Chikangawa, azakhali akuunikira ndi tochi, atsibweni ali panja pamvula akugogoda kapampu. Koma adabadwa wamoyo, ndipo lero ndi bambo wa ana atatu. Amayendetsa Sienta, ndipo ndikakwera salandira ndalama yanga.

Lazaro adafa imfa yake yomaliza m'chaka cha 1994, anthu ali kalikiliki ndi chisankho, ndipo panalibe amene adazindikira msanga, pakuti tidamkankha masiku anayi tikuyembekeza za nthawi zonse. Tidamkhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Nkhuku zidaikira mazira pa mpando wa dalaivala, chiswe chidamaliza ntchito imene chidayamba kalekale, machubu adasanduka malegeni omangira katundu panjinga, ndipo matayala adapita kwa wosoka nsapato. Atsibweni atamwalira, wokhoma zidebe wina adagula zotsalazo, ndipo mwa ulemu adabweretsera azakhali mbaula yopangidwa ndi chitsulo cha boneti, utoto wobiriwira ukuonekabe m'mphepete. Mbaulayo ili kwathu mpaka lero. M'mawa wa mu Juni, makala ali onyowa ndi nkhungu, siyaka ndi machesi amodzi kapena awiri. Mdzukulu wanga amagwada kuiuzira, mlongo wake akuikupiza ndi chivindikiro cha poto, ndipo ikakanabe amainyamula kukaiika pamwamba pa chitunda paja, pamene pamaomba mphepo.