Ndale za pa Ngalande ku Area 25

Area 25 ndi dera lalikulu la kumpoto kwa Lilongwe, moyandikana ndi Kanengo komwe kuli mafakitale ndi msika wa fodya. Madera a mzindawu, womwe unakhala likulu la dziko mu 1975, amadziwika ndi manambala, koma manambalawo satsatana ndi malo. Mlendo woganiza kuti Area 25 ili kuseri kwa Area 24 amathera ndalama zake m'minibasi, chifukwa 24 ili kutsidya lina la mzinda. Pakati pa derali pali msika wa Nsungwi, pomwe pamapezeka bonya, kaunjika, makala ndiponso maganizo a momwe dziko liyenera kuyendetsedwera. Mwa zinayi, chaulere ndi chomalizachi.

Anthu a m'derali ali m'magulu awiri: alandilodi, omwe amakhala nyumba yakumaso, ndi alendi, omwe amakhala mdadada wakuseri. Gulu lachitatu lili ndi munthu mmodzi, mlembi wa danga lino, yemwe ndi walendi koma amayankhula ngati landilodi chifukwa amavala tayi ndipo amayenda ndi nyuzipepala kukhwapa. Nyuzipepalayo imakhala yadzulo, yobwereka kwa ometa tsitsi.

Dandaulo loyamba la anthu a m'derali ndi madzi. Madzi a mzindawu amachokera mumtsinje wa Lilongwe, ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo akamafika kumpoto kuno amakhala atatopa, mwakuti amakonda kutuluka pakati pa usiku. Lachiwiri ndi magetsi, omwe ambiri amapangidwa pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, bambo aliyense m'derali anasanduka injiniya. Mlembiyu anafotokozera aneba ake za ma megawati usiku wonse mumdima, kwinaku mbaula ikumukanika kuyatsa, mpaka mwana wa Sitandade 4 anamulanda machesi.

Za nkhuku zili ndi lamulo lake losalembedwa. Nkhuku ikamajompha mpiru m'dimba la aneba imakhala yopanda mwini. Ikagundidwa ndi kabaza imapezeka ndi eni ake atatu, onse akulumbira kuti inali yoikira mazira. Za chitetezo zili m'manja mwa anyamata a nebahudi, omwe amayendayenda usiku ndi zibonga ndi mawezulo, ndipo khomo lililonse limayenera kusonkha mwezi ukatha. Otolera ndalama akagogoda pakhomo pa mlembiyu amauzidwa kuti bambo ali kubafa. Yankholi limaperekedwa ngakhale tsiku lomwe mipope yauma dera lonse.

Koma nkhani yaikulu, yomwe yadanitsa anthu opemphera mpingo umodzi, ndi ngalande. Ngalande ndi njira yokumbidwa m'mbali mwa msewu kuti madzi a mvula azidutsamo. Umo ndi mmene mabuku amanenera. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala imasunga mabotolo, matewera, zisononkho, nsapato imodziimodzi ndi majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015. Palibe amene anaonedwapo akutayamo kanthu. Khomo lililonse limanenetsa kuti zinyalalazo zimachokera kumtunda, ndipo a khomo lomaliza kumtunda amati ndi mphepo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, madzi amasowa podutsa n'kukhotera kunyumba yomwe ili kumunsi kwenikweni. Nyumba imeneyo lendi yake ndi yotsika, ndipo mmenemo ndi momwe amakhala mlembi wa danga lino, yemwe tsiku lolowa anadzitama kwa akazi ake kuti amadziwa kunenerera.

Apa ndi pomwe ndale zimalowera. Nyumba ya malamulo ya m'derali imakumana pansi pa mtengo wa mango, pabawo, ndipo aphungu ake ndi madala opuma pantchito, ometa tsitsi, wowotcherera zipata ndi aliyense amene wathawa ntchito zapakhomo. Zipani zonse zilipo: a tambala wakuda a MCP, a chimanga a DPP, achikasu a UDF ndi ofiira a UTM. Aliyense ali ndi chiphunzitso chake cha ngalande. Madala ena amati nthawi ya Kamuzu ngalande munthu ankatha kudyeramo nsima, ndipo zonse zinasokonekera pa 14 Juni 1993 pomwe anthu anavotera zipani zambiri. Wachikasu amayankha kuti pakanapanda chisankho cha 1994 madalawo sakanayankhula n'komwe pagulu, ndipo amawakumbutsa za sukulu yaulere. Wabuluu, wa DPP, amatchula makuponi a fetereza a Bingu a mu 2005. Wofiira amati onsewo ndi okalamba. Pofika pamenepa ngalande yaiwalika, ngakhale kuti mwendo umodzi wa benchi yomwe akhalapo uli m'ngalandemo.

Mlembiyu alibe chipani chokhazikika. Amagwirizana ndi amene ali pafupi naye, makamaka ngati munthuyo wagula chimanga chootcha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iye ndi amene anafotokoza bwino za kusowa kwa ndalama zakunja, ngakhale kuti dola anaiona kamodzi kokha, ili m'manja mwa munthu wina.

Amayi a m'derali ndale amazitenga mwanjira ina. Msonkhano wa chipani chilichonse amapitako, nsalu amalandira, ndipo Loweruka pachingwe choyanikira pamapezeka nkhope za atsogoleri onse zitapachikidwa chadodolido, moyandikana, popanda kukangana. Kunyumba kwa mlembiyu mtsogoleri wina ndi katani ya kuchipinda, wina amabereka mwana, wina amavundikira mtanda wa mandasi. Mlembiyu atafunsa kuti banjali lili mbali iti, anayankhidwa kuti, "Bambo a kunyumba, inu munagulapo nsalu liti?" Funsolo silinabwerezedwenso.

Mwalamulo, nkhani za ngalande ndi zinyalala zimadutsa kwa khansala kupita ku khonsolo ya mzinda. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo pabawo pamakhala mtsutso ngati ngalande inazindikira kusiyanako. Ofuna ukhansala amafika chisankho chikayandikira, atanyamula fosholo yatsopano ndi mnyamata wojambula zithunzi. Amachotsa jumbo imodzi, amamwetulira, fosholo imabwerera m'galimoto.

Poona izi, anthu anaganiza zokhazikitsa komiti ya ngalande. Chisankho chake chinatsata chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chomwe chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019: wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo Tipp-Ex asaoneke pamalopo. Opikisana pa mpando wa tcheyamani anachuluka kuposa ovota, popeza aliyense anadzivotera yekha. Panachitika chibwereza, kenaka migwirizano, ndipo alandilodi awiri omwe sanayankhulane chiyambire mkangano wa malire a mpanda anapezeka akukumbatirana. Wogonja anakana zotsatira n'kuyambitsa komiti yake. Mlembi wa danga lino anasankhidwa kukhala sekilitale popanda wopikisana naye, chifukwa ndi yekhayo anabwera ndi cholembera.

Komitiyo imakumana Lamlungu masana. Imatsegula ndi pemphero, imakambirana ngati mamembala ayenera kulandira alawansi, imakangana za mtengo wa shuga ndi mizere ya mafuta, imatseka ndi pemphero. Chomwe inagwirizanapo ndi chimodzi, kulemba kalata yopita ku khonsolo. Kalatayo inalembedwa m'Chingerezi chapamwamba, ndipo ili m'thumba la jekete la sekilitale kudikira kuti msungichuma apeze ndalama ya minibasi. Msungichumayo akuti sangatulutse ndalama popanda siginecha ya tcheyamani, ndipo matcheyamani alipo awiri.

Ngalandeyo inakonzedwa Loweruka lina m'mawa, chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitangodutsa. Abambo anali pansi pa mango kuwerengetsa mavoti a maboma onse, wina akusangalala, wina akuti dikirani muona. Amayi a banki m'khonde anaitana anyamata aganyu, anawabwereka makasu ndi wilibala, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro ntchito inali itatha. Makomiti onse awiri analengeza kuti ndi chitukuko chawo. Sekilitale analemba m'kaundula kuti ntchitoyo inagwiridwa motsogozedwa ndi komiti, osatchula kuti iti. Ndalama ya ganyu inagawidwa khomo ndi khomo, ndipo gawo la mlembiyu akazi ake analidula pa ndalama yake yoyendera. N'chifukwa chake masiku ano amapita kuntchito wapansi, tayi ili pakhosi, ndipo omufunsa amawauza kuti ndi malangizo a adokotala.